Digiri ya mapale: zomwe amaphunzira ofukula mabwinja a Agiriki ndi Aroma

Mumzinda wa Rome, chakufupi ndi mtsinje wa Tiber, kuli phiri lina lotchedwa Monte Testaccio, lalitali mamita ngati 35, linamera udzu ndi mitengo bwinobwino moti mutadutsa pa basi mutha kungoti ndi kaphiri wamba. Koma simuli mwala wachilengedwe mmenemo. Lonselo ndi mapale okhaokha, kunena mosapsatira ndi dzala. Aroma ankaitanitsa mafuta a azitona kuchokera kummwera kwa Spain, m'mbali mwa mtsinje wa Guadalquivir, nde mafutawo ankabwera m'mitsuko ikuluikulu yadothi yolowa malita ngati 70 umodzi, mtsukowo pawokha wopanda kanthu makilo 30. Akakhuthula mafuta mtsuko uja unalibenso ntchito poti dothi lamwa mafuta ndipo limanunkha, basi ankauswa, kusanja mapalewo bwinobwino, kuwaza laimu pamwamba kuti fungo lichepe, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, kwa zaka zoposa 100. Akatswiri amati muli mitsuko ngati 53 miliyoni.

Cha m'ma 1870 mkulu wina waku Germany, Heinrich Dressel, anayamba kutolatola mapale amenewa n'kuona kuti ali ndi zidindo pa zigwiriro komanso malembo a penti pathupi. Kuwerenga bwino, malembowo akunena kulemera kwa mtsuko wopanda kanthu, kulemera kwa mafuta, dzina la wamalonda, kalaliki yemwe anayeza, nthawi zina ndi chaka chomwe. Mofanana ndi chikalata chomwe timamata pa belo la fodya popita ku okushoni. Mu 1899 anatulutsa tebulo la mitsuko yosiyanasiyana, uliwonse ndi nambala yake, ndipo wa mafuta aku Spain uja unakhala nambala 20. Mpaka lero mwana wa yunivesite amene akuphunzira zimenezi akatola phale lokhuthala lotero kaya ndi ku Scotland kaya ndi ku Germany amangoti iyi ndi Dressel 20, ndipo pompo wadziwa kuti msilikali yemwe ankalondera malire kumeneko ankadya mafuta aku Spain.

Ndayambira pa dzala dala. Anthu akamva zoti wina akuphunzira classical archaeology, kutanthauza kufukula ndi kusanthula zinthu zomwe Agiriki ndi Aroma akale anasiya, amaganiza za golide, manda a mafumu ndi chipewa chachikulu. Golide alipo koma ndi wa apo ndi apo. Ntchito yeniyeni ndi kuphunzira kuwerenga zinyalala, ndipo nkhani yonse ya phunziroli ndi mmene linachokera pa kugomera ziboliboli zokongola mpaka kufika pa kusefa dothi la m'chimbudzi.

Choyamba tisiyanitse. Wa history amadalira kwambiri zolembedwa. Wa Classics amawerenga Chigiriki ndi Chilatini, ndakatulo, masewero, nzeru za anthu ngati Plato. Wa archaeology amagwira chinthu chenichenicho, khoma, mphika, ndalama yachitsulo, fupa, msomali. Malire a nthawi ndi otakata, ena amayambira ku Crete ndi Mycenae zaka 1,500 kapena 2,000 Yesu asanabadwe, n'kutsika mpaka ufumu wa Aroma wakuzambwe utagwa mu 476 AD ngakhalenso kupitirira. Malo ake nawo si Greece ndi Italy yokha, ndi kuyambira ku Britain mpaka ku Syria, ndi Africa yakumpoto yonse. Chomwe chimasiyanitsa phunziroli ndi kufukula kwina n'chakuti anthu ake analemba zambiri, nde nthawi zonse umakhala ndi mboni ziwiri, buku ndi dothi, ndipo sizigwirizana kawirikawiri.

Yemwe amatchedwa tate wa phunziroli ndi Johann Joachim Winckelmann, mwana wa wosoka nsapato waku Germany, yemwe mu 1764 anatulutsa buku lalikulu la mbiri ya zosemasema zakale. Iyeyu ndi amene anabweretsa ganizo loti ukayang'ana kasemedwe ka chiboliboli utha kudziwa nyengo yake, kuti luso linayamba louma, n'kukhwima, kenako n'kulowa pansi. Koma mkuluyu ku Greece sanapondeko. Ziboliboli zambiri zomwe ankazitama ku Rome zinali makope omwe Aroma anasema pa nsangalabwi kutengera za Agiriki zomwe zinali zamkuwa, ndipo zamkuwazo anthu anazisungunula kalekale kupangira zida ndi miphika. Zina mwa zomwe zinapulumuka ndi zomwe zinamira m'nyanja, ngati ziboliboli ziwiri za asilikali zomwe zinapezeka ku Riace, ku Italy, mu 1972. Winckelmann ankagomeranso kuyera kwa mwalawo, kuti mbee ndiye kukongola. Eti ziboliboli zija zinali zopentedwa, zofiira, zabuluu, zachikasu, maso ndi tsitsi zomwe, penti inangosuluka ndi zaka. Vinzenz Brinkmann anaunika ndi magetsi apadera n'kupeza zotsalira za utotowo, ndipo chionetsero chake chomwe chinayamba ku Munich mu 2003 chinakhumudwitsa ena amene anazolowera zoyera zija, ati zaoneka ngati zidole za pa msika. Nkhani imeneyi siyaing'ono chifukwa kwa zaka 200 azungu ena ankaloza miyala yoyerayo ngati umboni wa kupambana kwa khungu lawo.

Nchifukwa chake mayunivesite akale ngati Göttingen, Bonn, Oxford ndi Cambridge ali ndi zipinda zodzadza makope a pulasitala a ziboliboli zotchuka. Ku Cambridge alipo oposa 450. Kale kunalibe zithunzi zabwino nde wophunzira ankazungulira chiboliboli cha pulasitala kuona mmene mwendo waimira, mmene nsalu yapindikira. Mpaka pano amaphunzitsa choncho, kukuimika kutsogolo kwa mutu wamwala kuti unene ngati ndi Augustus, mfumu yoyamba ya ufumu wa Aroma, kapena mdzukulu wake pongoona mmene tsitsi lagawikira pachipumi. Zikumveka ngati nthabwala koma zimabwera pa mayeso.

Kenako kunabwera okumba. Heinrich Schliemann anali wamalonda wolemera yemwe ankakhulupirira kuti nkhondo ya Troy yomwe mlakatuli wachigiriki Homer anaimba inachitikadi, nde m'zaka za m'ma 1870 anakakumba chitunda cha Hisarlik ku Turkey, malo omwe anachita kumulozera Frank Calvert ngakhale iye sankakonda kutchula zimenezo. Poganiza kuti mzinda wa Homer uli pansi penipeni, anadula chingalande chachikulu pakati pa chitundacho n'kutaya zonse za pamwamba, osadziwa kuti pali mizinda 9 yosanjikizana ndipo womwe ankaufunawo unali mwa yomwe ankagumulayo. Mu 1873 anapeza golide n'kumutcha chuma cha mfumu Priam, anamuzembetsa m'dzikomo, mkazi wake n'kujambulitsa atavala. Golideyo ndi wakale ndi zaka ngati 1,000 kuposa nthawi yomwe nkhondoyo ikanachitika. Anakathera ku Berlin, asilikali a Soviet Union anamutenga mu 1945, lero ali ku Pushkin Museum ku Moscow. Arthur Evans naye kuyambira 1900 anakumba Knossos ku Crete, n'kumanganso mbali zina ndi konkire malinga ndi mmene iye ankaganizira kuti zinkaonekera, moti alendo amajambula simenti ya zaka za m'ma 1920 akuganiza kuti ndi ya Bronze Age, nyengo yakalekale ya zida zamkuwa. Chaka choyamba wophunzira amauzidwa nkhani zimenezi ngati mmene amakuuzira za ngozi ku sukulu ya galimoto.

Zomwe anaphunzirapo ndi izi. Kukumba ndi kuwononga. Dothi ukalichotsa sungalibwezere mmene linalili, nde chomwe chimatsala ndi zomwe walemba, wajambula ndi kuyeza. Maziko ake ndi stratigraphy, kusanjikizana kwa dothi, ndipo aliyense yemwe ali ndi dzenje la zinyalala kuseri kwa nyumba amazidziwa kale, chomwe munataya chaka chatha chili pansi pa chomwe mwataya dzulo. Vuto n'lakuti anthu sasiya dothi likhale. Wina anakumba chitsime kudula magawo 5, wina patapita zaka 300 anabwera kudzazula miyala ya maziko kuti akamangire khola lake, wina anaika maliro pakati pa chipinda chodyera cha munthu yemwe sanamumvepo n'komwe. Mu 1973 Edward Harris anapanga njira yojambulira zonsezi ngati mtengo wa mabokosi, gawo lililonse ndi nambala yake, ili linabwera pambuyo pa ili, ili linadula ili. Imatchedwa Harris matrix ndipo imaliritsa ana asukulu ambiri.

Za ndalama yachitsulo pali lamulo limodzi lomwe anthu amalakwitsa. Tiyerekeze mwagumula simenti ya m'nyumba n'kupeza tambala pansi pake. Kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, nde simentiyo sanaithire chaka chimenecho chisanafike. Koma sizikutanthauza kuti anaithira mu 1971, mwina ndi 1995, tambalayo inangokhalitsa m'thumba. Ndalama imakuuza kuti "kuyambira apa kupita kutsogolo" basi, pa Chilatini amati terminus post quem.

Nde tifike pa mapale, poti apa ndi pomwe nthawi yambiri imathera. Dothi lootcha siliwola, silisungunulidwa, wakuba salifuna, ndipo mafashoni a miphika ankasintha pafupipafupi. Ku Greece kunali nyengo ya mizeremizere ndi timakona, kenako ya ku Corinth ya tinyama, kenako ya ku Athens ya anthu akuda pa dothi lofiira, ndipo cha m'ma 530 BC anatembenuza kukhala anthu ofiira pa mtsuko wakuda. Wophunzira amayenera kuloweza zonsezi mpaka kufika poti akampatsa kachidutswa kangati chikhadabo anene kuti ndi mlomo wa kapu yomwera vinyo ya zaka zakutizakuti. John Beazley waku Oxford, yemwe anamwalira mu 1970, anapita patali zedi. Ojambula ambiri sankalemba mayina awo, koma iye anaona kuti munthu aliyense ali ndi kajambulidwe kake ka khutu, kakolo, kapindidwe ka nsalu, zinthu zomwe dzanja limachita lokha osaganizira. Anayang'ana mitsuko masauzande ambirimbiri n'kuigawa kwa ojambula ake, opanda dzina n'kuwapatsa mayina ngati Berlin Painter potengera mzinda womwe mtsuko wake wabwino ukusungidwa. Luso lake palibe amatsutsa. Koma ena amafunsa kuti tadziwa dzanja lomwe linajambula, nanga yemwe ankamwera? Mitsuko yambiri yokongolayi sinapezeke ku Athens, inapezeka m'manda a anthu a Etruria ku Italy, ngati ku Vulci, anthu a chilankhulo china ndi miyambo ina, ndipo funso loti iwowo ankaonapo chani pa zithunzizo ine ndimaliona lokoma kuposa la dzina la wojambula.

Mbali ya Aroma kuli mbale zofiira zonyezimira zopangidwa ku Arezzo kenako ku Gaul, komwe lero ndi France, ndipo pambuyo pake msika wonse unalandidwa ndi mbale zopangidwa komwe lero ndi Tunisia, zomwe zimapezeka kuyambira ku Egypt mpaka ku Britain. John Hayes anazisanja ndi manambala mu 1972. Mwina mukuti bwanji osangoyeza ndi makina a radiocarbon. Amayeza ndithu, koma njirayi imafuna chinthu chomwe chinali chamoyo, fupa, makala, njere, ndipo imakupatsa zaka mongoyerekeza. Choipa kwambiri n'chakuti pakati pa 800 ndi 400 BC muyezowu umachita ngati waima, zinthu zosiyana zaka 300 zimatuluka ngati za nthawi imodzi, ndipo imeneyo ndi nthawi yomwe mizinda ya Agiriki inkakula. Pomwe phale labwino la ku Athens litha kukuuza nthawi mosaphonya ndi zaka zoposa 25. Njira yomweyi ndi imene amagwiritsa ntchito kwathu kuno, mayina ngati Nkope, Kapeni ndi Mawudzu ndi mitundu ya mapale yotchulidwa potengera malo omwe anaipeza, ndipo a Yusuf Juwayeyi pofukula ku Mankhamba, likulu la Amaravi cha ku Mtakataka, anadalira mapale, mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zaku China kuti aone mmene malonda ankayendera.

Pa zilankhulo pamavuta. Ku Britain utha kuyamba digiri yoyamba wopanda Chilatini, mwachitsanzo kosi ya ku Oxford ya Classical Archaeology and Ancient History ndi ya zaka 3 ndipo chilankhulo umachita kusankha. Ku Germany mwambo wake ndi wouma, Chilatini amachifuna ndipo ukamapita patsogolo Chigiriki nacho. Koma chomwe ambiri sauzidwa n'chakuti ukafika pa masters ndi PhD uyenera kumawerenganso Chijeremani, Chifalansa ndi Chitaliyana, mwinanso Chigiriki chamakono kapena Chituruki, chifukwa lipoti la malo omwe ukufufuza linalembedwa m'chilankhulo cha omwe anakumba ndipo palibe anamasulira. Olympia anakumba ndi Ajeremani kuyambira 1875, Delphi Afalansa kuyambira 1892, bwalo la msika la Athens Aamerika kuyambira 1931. Kwathu Chilatini ndi Chigiriki si zachilendo kwenikweni, Kamuzu Academy ku Mtunthama chitsegulireni mu 1981 yakhala ikuphunzitsa zonse ziwiri poti Ngwazi inkazikonda, ku Chanco ku Zomba kunakhazikitsidwanso dipatimenti ya Classics, ndipo kumaseminale ansembe ndi abusa amazigwirako. Woti anadutsa kumeneko ali kale ndi mwendo umodzi mkati.

Phindu la chilankhulo limaoneka buku ndi dothi zikakumana. Pliny wamng'ono anaona ndi maso phiri la Vesuvius likuphulika mu 79 AD n'kulembera wolemba mbiri Tacitus kalata, ndipo makope ambiri a kalatayo amati linali tsiku la 24 August. Koma ku Pompeii, mzinda womwe phirilo linakwirira, ofukula ankapeza zipatso zakupsa mochedwa, vinyo watsopano atamatidwa kale m'mitsuko, mbaula zili m'zipinda. Mu 2018 anapeza malembo a makala pakhoma otchula tsiku lofanana ndi 17 October, ndipo makala sakhalitsa pakhoma, nde ambiri anayamba kunena kuti phirilo linaphulika mu October, okopera kalata analakwitsa. Mkanganowo ukadalipo mpaka pano.

China chomwe chimandisangalatsa ndi cha ku Athens. Anali ndi mwambo woti kamodzi pachaka nzika zitha kuvota kuti munthu mmodzi achoke mumzinda kwa zaka 10, dzina ankalemba pa phale, ostrakon. Mabuku amatitamandira demokalase imeneyi. Nde m'chitsime china kumpoto kwa Acropolis, phiri la akachisi la mumzindamo, ofukula anapeza mapale ngati 190 onse olembedwa dzina la Themistocles, mtsogoleri wina wa mumzindamo, ndipo atayang'anitsitsa kalembedwe anapeza kuti ndi manja a anthu 14 okha. Kutanthauza kuti panali kagulu komwe kanakhala pansi kulemberatu mavoti oti kakagawe pa tsikulo. Ena amati mwina ankangothandiza osadziwa kulemba. Inu ndi ine taonapo zisankho, tingoti chabwino.

Owerenga Baibulo nawo ali ndi gawo lawo. Machitidwe 18 amati Paulo anamutengera kubwalo la Galiyo ku Korinto. Ku Delphi kunapezeka zidutswa za mwala wokhala ndi kalata ya mfumu Claudius yotchula Galiyo yemweyo ngati bwanamkubwa, ndipo kuchokera pa maudindo a mfumu olembedwapo zimadziwika kuti ndi cha mu 51 kapena 52 AD. Zaka zambiri za maulendo a Paulo zomwe mumaona kumapeto kwa Baibulo amaziwerengera kuchokera pa mwala umenewu. Ku Caesarea mu 1961 anapezanso mwala wa dzina la Pilato, anthu ena akale anali atautembenuza n'kupangira sitepe.

Koma zokoma kwambiri ndi za anthu omwe mabuku sanawawerengere. Ku Vindolanda, kampu ya asilikali pafupi ndi khoma la Hadrian kumpoto kwa England, mu 1973 anayamba kupeza timatabwa topyapyala tolembedwa ndi inki tomwe tinasungika m'matope opanda mpweya. Kena ndi ka Claudia Severa kuitana mnzake Sulpicia Lepidina ku phwando la tsiku lobadwa cha m'ma 100 AD, ndipo mawu omaliza analemba yekha ndi dzanja lake, amodzi mwa malembo akale kwambiri a Chilatini olembedwa ndi mzimayi. Kena wina akuuza msilikali kuti ndakutumizira sokosi, nsapato ndi makabudula amkati awiri. Ku Herculaneum, mzinda winanso womwe Vesuvius linakwirira, anasefa za m'ngalande ya zimbudzi pansi pa mashopu ndi nyumba za anthu wamba n'kupeza minga ya nsomba zamitundumitundu, njere za nkhuyu, zikamba za mazira, ngakhale tsabola wakuda wochokera ku India. Palibe wolemba mbiri wachiroma akanataya inki kulemba zomwe wogulitsa mushopu anadya.

Kumunda kwake kumakhala chonchi. Nthawi ya holide yaitali, June, July, umapita kukakhala pa malo ofukula masabata angapo. Kudzuka m'ma 5 koloko kuthawa dzuwa, piki, fosholo, wilibala, ukafika pa gawo lofunika n'kugwada ndi ka trowel kangati ka amisiri omanga kumapala pang'onopang'ono uku ukuyang'ana pomwe mtundu wa dothi wasintha. Dothi lonse lipite pa sefa. Lina amalithira m'madzi kuti njere ndi makala ziyandame. Masana kutsuka mapale ndi mswachi, kuyanika, kulemba nambala, kudzaza mafomu, kujambula mwala uliwonse pa pepala la timabokosi. Munthu wakumudzi wozolowera khasu sangaone chachilendo kupatula mafomuwo. Ndipo sikuti nthawi zonse amakumba, pena amangoyenda mumzere m'minda yolimidwa kuwerenga mapale a pamtunda kuti adziwe pomwe panali midzi ndi mafamu, pena amakoka makina a radar oona pansi. Mu 2020 gulu la ku Cambridge ndi Ghent linatulutsa mapu a mzinda wonse wa Falerii Novi, mahekitala 30, akachisi, mabafa, mapaipi amadzi, osakumba olo dzenje limodzi.

Sungangonyamula fosholo n'kupita ku Greece. Chilolezo chimachokera ku boma ndipo alendo amadzera m'masukulu a mayiko awo omwe ali ku Athens, ya Afalansa inayamba mu 1846, ya Ajeremani 1874, ya Aamerika 1881, ya Angerezi 1886. Chilichonse chopezeka chimatsala m'dzikomo. Kale sizinali choncho nde pali milandu yosatha. Pakati pa 1801 ndi 1812 anthu a Lord Elgin, kazembe wa Britain, anachotsa zosema zambiri pa Parthenon, kachisi wamkulu wa pa Acropolis, nthawi yomwe Greece inali pansi pa ufumu wa Ottoman, boma la Britain linagula mu 1816 n'kuziika ku British Museum. Agiriki anamanga myuziyamu yatsopano ya Acropolis yomwe inatsegulidwa mu 2009, n'kusiya malo a zosowazo ndi makope a pulasitala kuti aliyense aone mpata. Mu 1972 Metropolitan Museum yaku New York inagula mtsuko wojambulidwa ndi Euphronios pa mtengo wa madola 1 miliyoni, kenako zinadziwika kuti unabedwa m'manda ku Cerveteri ndi akuba omwe ku Italy amawatcha tombaroli, ndipo unabwezedwa mu 2008. Mtsuko unabwerera inde, koma unali pambali pa ndani, mwamuna kapena mkazi, ndi zinthu zanji, zimenezo zinatayika usiku womwe anakumbawo. Nchifukwa chake pangano la UNESCO la 1970 loletsa kuzembetsa zinthu zakale limaphunzitsidwa m'kalasi ngati mmene amaphunzitsira mapale.

Africa ilimo mu nkhaniyi kuposa mmene timaganizira. Septimius Severus, mfumu ya Aroma kuyambira 193 mpaka 211, anabadwira ku Leptis Magna ku Libya n'kukafera ku York. Bwalo lamasewero la El Djem ku Tunisia, mzinda wa Timgad ku Algeria, Volubilis ku Morocco, ndi ena mwa mabwinja osungika bwino kwambiri. Doko la Berenike ku Egypt kunapezeka mtsuko waku India uli ndi tsabola makilo 7.5, ndipo kabuku kena kachigiriki ka amalinyero ka m'zaka 100 zoyambirira AD kamatchula msika wa Rhapta kugombe la kum'mawa kwa Africa komwe ankagula minyanga. Ku Meroe ku Sudan mu 1910 John Garstang anapeza mutu wamkuwa wa Augustus utakwiriridwa pansi pa masitepe a kachisi. Ankhondo a Kush, ufumu wa ku Meroeko, anaudula pa chiboliboli atalowa ku Egypt cha m'ma 24 BC motsogozedwa ndi mfumukazi yawo, Kandake, udindo womwe uja timaumva pa Machitidwe 8, n'kuukwirira poti aliyense wolowa aziponda pamutu pa mfumu ya Aroma. Chipongwecho n'chomwe chinausunga, maso ake akadalipo. Uli ku British Museum nawonso. Atsamunda nawo anagwiritsa ntchito mabwinjawa, Afalansa ku Algeria ndi Mussolini ku Libya ankati tangobwerera pa malo a makolo athu, ndipo pothamangira za Aroma ankakokolola n'kutaya magawo a pamwamba a anthu omwe anakhalapo pambuyo pake.

Nanga ndalama ndi ntchito? Apa tisanamizane. Fizi yaku Britain ndi America kwa mlendo ndi yoopsa popanda sikolashipu. Mayunivesite aboma ambiri ku Germany salipiritsa fizi kupatula kandalama ka semesita, ngakhale chigawo cha Baden-Württemberg, komwe kuli Heidelberg ndi Tübingen, chimalipiritsa ochokera kunja kwa EU ma euro 1,500 pa semesita, ndipo pokhala ndi chakudya n'zako. Kufupi kuno Classics imaphunzitsidwa ku Cape Town, Stellenbosch ndi Durban, komanso ku Ibadan ndi Legon, koma kwambiri ndi mabuku osati fosholo. Mipando ya uphunzitsi pa yunivesite ndi yochepa ndipo madipatimenti ena akutsekedwa, ku Sheffield analengeza zotseka yawo ya archaeology mu 2021 ngakhale inali yotchuka dziko lonse. Ena amalowa m'mamyuziyamu, ena kosamalira malo akale, ena amatenga luso la mapu a pa kompyuta n'kupita kwina. Khomo latsopano ndi la sayansi, mano ndi mafupa kuona komwe munthu anakulira, DNA, ndi makompyuta. Mipukutu ya gumbwa yomwe inapserera ku Herculaneum n'kusanduka ngati makala, yosatheka kufunyulula, mu 2023 mnyamata wa zaka 21 wophunzira za kompyuta, Luke Farritor, anawerengamo liwu loyamba kudzera pa zithunzi za sikani, liwu lachigiriki lotanthauza mtundu wa pepo.

Ena omaliza digiriyi ku Britain amathera m'makampani ofukula omwe amalembedwa ntchito ndi omanga, poti kuyambira 1990 malamulo a mapulani amafuna kuti womanga alipire kafukufuku asanathire maziko. Malipiro ndi ochepa, matope ndi ambiri, nyengo yozizira umagwirabe. Koma ndi anthu amenewa, a Museum of London Archaeology, omwe pakati pa 2010 ndi 2014 pokonza malo omangapo likulu la ku Ulaya la kampani ya Bloomberg ku London anatulutsa timatabwa tolembapo 405 m'matope a kamtsinje ka Walbrook. Phula lomwe ankalembapo linatha kalekale koma cholembera chinkakanda thabwa, nde Roger Tomlin waku Oxford anakhala pansi kuwerenga mikwingwirimayo. Kamodzi kali ndi deti, 8 January 57 AD, chikalata cholembedwa pamanja chakale kwambiri chokhala ndi deti m'dziko lonse la Britain. Akulemba ndi Tibullus, yemwe kale anali kapolo wa Venustus, kuvomera kuti ali ndi ngongole kwa Gratus, yemwenso kale anali kapolo, ya madinari 105 a katundu yemwe anatenga, ndipo akuti adzabweza kwa iyeyo kapena kwa aliyense yemwe nkhaniyo idzamukhudze.